Mkamwini ndi Nkhuku Yofufutira

Mukamva anthu akunena kuti kuli dziko limene munthu salakwa, musawatsutse, akunena za ufumu wa Mwatero. Kumeneko mlatho ukagwa amati mtsinje ndiwo wachita mwano. Nduna ikasochera pa msewu, m'mawa mwake amapita kukasuntha chikwangwani. Mfumu yawo ndi Sindiphonya Wachinayi, munthu wansangala ndithu, wokonda kuseka, makamaka nthabwala zake zomwe.

Tsono anthu a ku Mwatero ndi osunga mwambo, ndipo mwambo umene amaunyadira koposa ndi wa nkhuku yofufutira. Kwa iwo zimene munthu walemba ndi dzanja lake zili ngati munda wake, sungangolowamo ndi khasu. Ukafuna kukonza ngakhale chilembo chimodzi cha mnzako, umagula nkhuku, nkupita kwawo, nkugwada, nkumuyang'ana m'maso, nkunena kuti, "Pepani, apa dzanja linaterereka." Akalandira nkhukuyo, fufuta. Akaikana, chilembocho chikhala pomwepo mpaka pepalalo lidyedwe ndi chiswe.

Ufumuwu uli ndi chinenero chakechake cholembera mapulogalamu a kompyuta, chotchedwa Chimwatero, ndiponso buku lalikulu lofotokoza mawu onse amene makina amamva. Wolemba pulogalamu aliyense amayang'ana m'bukumo nkukopera. Kwina konse buku lotere amalemba ndi anthu oidziwa ntchitoyo. Ku Mwatero anagawana mitu yake ngati nyama ya pa maliro: nduna iliyonse mutu wake, alamu a mfumu mutu wawo, ngakhale woyimba ng'oma wa kunyumba yachifumu anapatako kachigawo. Aliyense analemba momwe ankayankhulira agogo ake. Mawu ouza makina kuti aonetse chinthu, wina analemba "onetsa", wina "wonetsa", ndipo nduna ina inalemba "onetsaniko", ati iyo sinaleredwe kulamula zinthu popanda ulemu. Tsoka lake makina alibe ulemu. Amamva "onetsa" basi, zinazo amangoti duu.

Kwa zaka zambiri makina a kuchipatala ankakana kutulutsa mayina a odwala, a kumipopi ankatseka madzi tsiku la ukwati. Palibe anadandaula kunyumba yachifumu, poti madzi awo amachokera pachitsime chawochawo. Mlandu unabuka pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu. Pa bwalo lalikulu la mzinda wa Wombani anaimikapo chikanema chachikulu ngati khoma la tchalitchi, choti chionetse nkhope ya mfumu ndi mayina ake onse otamanda. Mfumu inaimirira, inakweza dzanja, amayi anayamba nthungululu. Chikanema chija bii! Pakona pokha ndi pamene panatuluka timawu tating'ono takuti, "Sindikumva." Abale inu, mfumu inakhala ikubayibitsa mdima mpaka mkono unatopa.

Bwalo la nduna linakumana tsiku lomwelo. Nduna ya Chitetezo inati makinawo amangidwe, chifukwa kunena kuti "sindikumva" pamaso pa mfumu ndi kuukira. Wina wofatsa anafunsa ngati sizingatheke kungowaphunzitsa makinawo kuti azimva kalembedwe kalikonse. Apo anaimirira a Mlongoti, Nduna ya Zamiyambo, munthu wamtali amene amayamba wakhosomola asananene chilichonse.

"Kuwaphunzitsa makina ndiko kuwakonza," anatero a Mlongoti. "Tsono nkhuku tikapereka kwa yani? Makinawa kwawo nkuti? Malume awo ndani? Tisasewere ndi mwambo, anthu inu."

Nduna zonse zinavomera kuti apa panenedwa mawu. Ndiye mfumu inagamula.

"Monga ufumu uno uli ndi mutu umodzi, umene ndi uwu," inatero ikudzigwira pamphumi, "bukulo likhale ndi kalembedwe kamodzi. Pofika Chikondwerero cha Masika ndikufuna nditsegule paliponse ndipeze chimodzimodzi. Mwambo wa nkhuku utsatidwe. Amene tim'patse ntchitoyi akalephera, akakhale ku Msewuwatha moyo wake wonse. Ndani akufuna ulemu umenewu?"

Nduna zinayamba kuyang'ana kudenga, zina zikumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale. Amene anayankhula ndi a Nankhoma, Nduna ya Zamakina, mayi wa thupi lake amene mawu ake amamveka tsidya lina la mtsinje.

"Ine ndili ndi mkamwini kwathu, anaphunzira zimenezi," anatero. "Amangokhala chogwadira kompyuta tsiku lonse, nkhokwe yanga ikudontha. M'patseni ameneyo."

Umu ndi momwe Wedisoni Kamtedza anagwera m'mbuna. Anali mnyamata wamkulu wofatsa, wolemba mapulogalamu weniweni, wokhala pachikamwini pamudzi pa a Nankhoma. Mkazi wake anali Namwale, ndipo ankamukonda moti anthu ankamuseka, ati anadyetsedwa. Mumvetse bwino apa. Ku Mwatero mkazi satsatira mwamuna. Munda ndi wake, nyumba ili pa dothi la amayi ake, mwamuna akachoka amachoka ndi mphasa yake yokha. Choncho kwa Wedisoni, Msewuwatha sikunali kutali kokha ayi. Kunali kutha kwa banja.

Boma linapereka nkhuku zogwirira ntchitoyi, tisaname. Zinabwera pa lole yodzaza. Koma ntchito yaikulu chotere siyamba popanda mwambo wokhazikitsa, ndipo alendo olemekezeka sangabwerere ndi njala. Pofika madzulo panatsala nthenga zokha ndi zithunzi. Wedisoni anagulitsa njinga yake nalowera ku msika wa Tingoona, kumene Mayi Donata amagulitsa nkhuku pansi pa mtengo wa mbawa.

"Ndiye ndinu mwapatsidwa ntchito yowongola miyendo ya nkhanu?" anafunsa Mayi Donata akumanga miyendo ya thadzi lamawangamawanga.

"Ndine, mayi."

"Pepani. Koma ine ndikupemphererani kuti isathe msanga. Ana anga ali pasukulu."

Wedisoni anayamba kuyenda. Anagwada kwa Nduna ya Chitetezo, anagwada kwa alamu a mfumu, anagwada kwa woyimba ng'oma amene anamufunsa kuti, "Kodi ndinalembamo ine?" koma nkhuku analandira. Ena mwa olemba anali atamwalira, ndiye ankagwadira abale awo, abalewo nkuyamba kulimbana kuti woyenera kulandira ndani, a kuchimuna kapena a kuchikazi. Maondo a buluku lake anayera mbee, kenaka anabooka.

Sipanapite nthawi nduna zinazindikira kuti m'bukumo muli ndiwo. Zinayamba kutumiza masamba oonjezera, ati kufuna kuthandiza achinyamata. Tsamba lililonse linkabwera ndi mawu opindika mwadala, ena mpaka awiri mzere umodzi. Nduna ina inachita kulemba ntchito mphwake kuti aziithandiza kulakwitsa, poti yokha nzeru zinali zitaithera. Nkhuku zikachuluka pakhomo, akazi a nduna ankazitumiza ku Tingoona kukagulitsa kwa Mayi Donata, Mayi Donata nkugulitsanso kwa Wedisoni. Thadzi lamawangamawanga lija linazungulira nyumba zonse za akuluakulu mpaka linazolowera. Akangofika pa geti, lokha linkayamba kunyonyomala.

"Nkhuku iyi ikudziwa zaboma kuposa ife," anatero wogulitsa makala wina pamsikapo.

"Musaiderere," anayankha Mayi Donata. "Yalowa m'nyumba zimene inu simudzapondamo. Ikangophunzira kuwomba m'manja aipatsa unduna."

Koma Wedisoni anali wakhama, ndipo mantha amathamangitsa munthu kuposa malipiro. Anapempha mfumu kuti masamba atsopano aleke kulandiridwa, mfumu inavomera chifukwa bukulo linali litayamba kulemera moti onyamula ankadandaula msana. Chimanga chikuuma m'minda, buku lonse linali litawongoka, kupatula malo amodzi. Pa mutu umene analemba a Nankhoma panali "wonetsa" mmodzi, atakhala phee pakati pa tsamba. Ndipo ndi pomwepo pamene anakopera anthu amene anakonza chikanema cha mfumu.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwambo wa nkhuku umati umuyang'ane mwini dzanja m'maso. Mwambo wa chikamwini umati apongozi sayang'anidwa kumaso, sayankhulidwa mwachindunji, ukakumana nawo panjira umapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Miyambo iwiri yonseyi ndi ya makolo, ndipo makolowo sanasiye adiresi yoti nkukawafunsa. Wedisoni anapita kwa a Mlongoti kukapempha nzeru. A Mlongoti anakhosomola nthawi yaitali, kenaka anati nkhaniyi ndi yozama, aikhazikitsira komiti mvula ikagwa.

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," anatero Namwale mwamuna wake atamufotokozera. "Tiyeni tikayese. Ine ndikhala pakati."

Anapita masana, a Nankhoma atakhala pakhonde akusenda mtedza. Wedisoni anakhala kuseri kwa nkhokwe yodontha ija, atafulatira, thadzi lili pambali pake. Namwale anaima pakati pa bwalo. Onse atatu ankamvana bwinobwino, koma mwambo ndi mwambo.

"Namwale," anayamba Wedisoni, "muwauze amayi kuti ndabwera ndi kankhuku."

"Amayi, akuti abwera ndi kankhuku."

"Uwauze kuti zikomo, akaike m'khola. Ndiwo zinatha dzulo."

"Akuti mukaike m'khola."

"Muwauze kuti... si ya ndiwo. Ndi ya buku lija."

Mtedza unasiya kulira m'lichero.

"Namwale," anatero a Nankhoma pang'onopang'ono, "uwafunse amuna akowo. Pamene ndinkalemba mutu umenewo, iwo anali kuti? Si nthawi imene ankayenda ndi kabudula wong'ambika kumbuyo? Uwauze kuti ine ndamva kuti mumzinda muno muli munthu amene akuyenda khomo ndi khomo kutola zolakwa za akuluakulu. Ntchitoyo ndinam'pezera ndine, kuti aziwongola anthu ena. Munthu ameneyo tsiku limene adzanene kuti dzanja langa linaterereka, kaya pano, kaya pabwalo, adzapeza mphasa yake ili panja. Wamva?"

"Amva, amayi," anatero Namwale.

"Sindinafunse iwo. Ndafunsa iwe."

Thadzi lija, poona kuti lafika pakhomo pa nduna, linali litanyonyomala kale. Wedisoni analinyamula nabwerera nalo kunyumba. Kunena zoona anandimvetsa chisoni mnyamata ameneyu. Akakonza mawuwo, apongozi amuthamangitsa. Akawasiya, mfumu imuthamangitsa. Njira zonse ziwiri zinkathera pa mphasa imodzi yomweyo, ndipo pa mphasapo panalibe Namwale.

Tsiku la Chikondwerero cha Masika linafika. Bwalo la Wombani linadzaza, chikanema chija chili chiimire, chakuda ngati kale. Bukulo analibweretsa amuna anayi pa machira. Mfumu inakhala pampando wake, nduna m'mbali mwake, a Nankhoma atavala duku lalitali loti aliyense aone kuti alipo. Mfumu inayamba ndi mawu ochepa, amene anatha dzuwa litapendeka. Inafotokoza kuti kalembedwe kamodzi ndi maganizo ake, kuti inawalota ili mwana, ndipo kuti mayiko ena akubwera kudzaphunzira. Kenaka inaitana Wedisoni.

"Kamtedza, buku langa lili ndi kalembedwe kamodzi?"

Wedisoni anagwada. Maondo ake anali atazolowera moti sanamve ndi miyala yomwe.

"Lili nako, Mfumu, kupatula malo amodzi."

Wogulitsa nzimbe anasiya mpeni uli m'mwamba.

"Malo amodzi?" inatero mfumu, kumwetulira kukuchepa. "Analemba ndani pamenepo? Mutchule."

Wedisoni anayang'ana pansi. Sakanatha kuyang'ana kumene kunali apongozi ake, koma duku lija ankalimva kumsana ngati moto. Anakweza maso pang'ono napeza Namwale pakati pa amayi, atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Ndipo pamenepo, kaya ndi nzeru kaya ndi mantha, mawu anangotuluka.

"Ndine, Mfumu. Tsamba limenelo ndinawalembera ndine amayi, iwo atatanganidwa ndi ntchito za ufumu. Dzanja langa ndi limene linaterereka. Ndalakwa ine."

Linali bodza loyera, ndipo theka la bwalo linkadziwa. Koma taganizani. Munthu safuna nkhuku kuti alowe m'munda wake womwe. Ngati dzanja ndi lake, angathe kufufuta pomwepo. Woti atsutse anali mmodzi yekha, a Nankhoma, ndipo kuti atsutse anayenera kuimirira pamaso pa ufumu wonse nkunena kuti, "Ayi, wolakwitsayo ndine." A Nankhoma anatsegula pakamwa, anayang'ana mfumu, anayang'ana khamu la anthu, natsekanso. Anayamba kukonza duku lawo mosamala kwambiri.

Wedisoni anatulutsa cholembera nafafaniza chilembo chija. Anyamata a makina anathamanga kukakonza pulogalamu yawo, ndipo posakhalitsa chikanema chinati ngwee! Nkhope ya mfumu inatuluka yaikulu ngati phiri, mano onse panja, mayina otamanda akutsetsereka pansi pake. Nthungululu zinamveka mpaka ku Tingoona. Mfumu inadzibayibitsa yokha, misozi ili m'maso. Wedisoni anapuma mpweya umene anausunga kuyambira nthawi yopalira.

Ndiye kunamveka kukhosomola.

"Pepani, Mfumu," anatero a Mlongoti ataimirira. "Sindikufuna kuthira mchenga m'chakudya. Koma makutu anga amva mawu amene sanamvekepo pabwalo lino chiyambire ufumu. Munthu uyu wanena yekha, ndi pakamwa pake, kuti walakwa. Sanati dzanja lokha, wati iye. Malamulo athu akuti ku Mwatero kulibe munthu wolakwa. Tsono kaya malamulo akunama, kaya munthuyu si wa kuno."

Nduna zinayang'anana. Ya Chitetezo inasunthira mpando wake kutali ndi Wedisoni.

"Ndiponso matendawa ndi opatsirana," anapitiriza a Mlongoti. "Lero wavomera uyu. Mawa avomera kalaliki. Mkuja anthu adzayamba kuyang'ana ife kuti nafenso tivomere za mlatho uja. Kodi ufumu ungakhale?"

Mfumu inaganiza kwa kanthawi, ikuyang'ana nkhope yake pa chikanema kuti ipezepo nzeru.

"Kamtedza, wagwira ntchito yabwino," inatero. "Tikupatsa mendulo. Ndipo chifukwa ndife a chifundo, tikulola kuti ukaivale ku Msewuwatha. Unyamuke mawa, usanapatsire ena."

Anthu anawomba m'manja, poti ku Wombani m'manja mumawombedwa mulimonse. Pobwerera kunyumba ankangonong'onezana. Wogulitsa makala uja anati mnyamatayo akanangonena kuti cholembera ndicho chinachita mwano, bwenzi pano ali nduna. Mayi Donata ankaganiza za mtengo wa nkhuku umene unali utagwa kale.

Madzulo a tsikulo a Nankhoma anaima pakati pa bwalo la kwawo nayankhula moyang'ana kumtengo wa mango, mokweza kuti mawu alowe m'nyumba ya mkamwini.

"Namwale, uwauze amuna akowo kuti analeredwa bwino. Mkamwini wotere sapezekapezeka. Uwakonzere kamba wa panjira, usaumire. Ndipo iwe usalire, mwana wa a Mlongoti uja banja lake linatha, tikambirana mvula isanagwe."

Wedisoni anapinda mphasa yake, anaika kompyuta m'chikwama pamodzi ndi mabuluku ake obooka maondo. Ankafuna kunena mawu ambiri kwa mkazi wake koma Namwale ankangotuluka ndi kulowa osamuyang'ana. M'mawa atadzuka anapeza mkaziyo palibe. Anati mwina wapita kumunda kuti asaone kunyamuka kwake, ndipo sanamuimbe mlandu. Anatuluka yekha pamudzipo, mendulo ikugunda pachifuwa, mtima ukuwawa moti sankaona ndi njira yomwe.

Lole yopita ku Msewuwatha imaima kuseri kwa msika wa Tingoona, ndipo imanyamuka ikadzaza kapena dalaivala akakhuta. Amayi a pamsika anasiya malonda kudzaonerera munthu woyamba kulakwa m'mbiri ya dziko. Ena ankakweza ana kuti amuone bwino. Wedisoni anaponya mphasa yake m'mwamba, nagwira chitsulo, nakwera.

Pamwamba pa matumba a mchere panali patakhala Namwale. Pambali pake panali mtolo wa zovala, mapoto omangidwa m'chitenje, mpaka mtondo ndi munsi womwe.

"Namwale! Mukupita kuti?"

"Kumene ikupita galimotoyi."

"Nanga munda? Nanga amayi?"

"Munda sulira. Amayi ali ndi unduna wawo, uziwafunditsa."

Wedisoni anayang'ana khamu la amayi lija, lomwe tsopano linali litayandikira, makutu ali tcheru. Anatsitsa mawu.

"Koma Namwale, ku Mwatero mkazi satsatira mwamuna. Sizinachitikepo."

"Ndiye kuti ndalakwa," anatero Namwale mokweza, kuti msika wonse umve.

"Mayo! Wachiwiri!" anakuwa Mayi Donata atagwira kumutu. "A Mlongoti ananena, ndi opatsiranadi!"

Amayi ena anabwerera m'mbuyo, ena anaseka mpaka kukhala pansi. Namwale sanawalabadire. Anasuntha mapoto ake kuti papezeke malo, namenya pa thumba la mchere ndi chikhatho.

"Khalani apa, a Kamtedza, musandiyang'ane ngati mzukwa. Mumati kumeneko tiyi muzikamwa ndi ndani?"